Mmene Ndinaphera Wotchi ya Abambo

Anthu akandifunsa chimene chinachitikira chikhadabo cha chala changa chachikuluchi, ndimawauza kuti ndi mashini osokera. Amakhulupirira msanga, poti ndine telala, ndipo zala za telala sizikhala zosalala. Koma mashini anga alibe mlandu. Chimene chinandipweteka ndi pakamwa pangapa. Mpaka lero ndikaikumbukira nkhaniyi mtima umandiwira, chonsecho woti ndimupsere mtima sindimupeza.

Abambo anga anagwira ntchito pa esiteti ya tiyi moyo wawo wonse. Anayamba ndi dengu kumsana, kuthyola masamba, n'kudzafika pa ukapitawo tsitsi litayamba kale kuyera. Popuma ntchito, mzungu wa pa esitetipo anawapatsa wotchi. Sindikunena tiwotchi ta pamsika timene timaima ukangoyetsemula ayi. Inali wotchi yolemera, yachitsulo choyera, lamba wake wachitsulonso. M'mudzi mwathu, kumtunda kwa Chitakale, munthu wofuna kudziwa nthawi ankadikira kulira kwa fakitale kapena kubwera kudzafunsa abambo. Ankaipukusa m'mawa uliwonse asanasukusule, ndipo ife ana sitinkaloledwa ngakhale kuipumira mpweya.

Ndinene poyera: wotchi imeneyo ndinkaifuna. Ndinkaifuna ndili mwana, ndinkaifunabe nditamera ndevu, ndikusoka pakhonde la sitolo pa Chitakale. (Telala amene amauza anthu kuti abwere madzulo koma alibe wotchi, madzulo ake amayamba pamene mwini malaya wafunira.) Vuto linali limodzi. Abambo anali mkamwini kumudzi kwa amayi, ndipo kwathu kuno katundu wa mwamuna amabwerera kwa abale ake. Ife ana ndife a kwa amayi. Odya za malemu ndi ana a alongo awo, ndipo mwana wa azakhali anga anali Laisoni.

Laisoni, msuweni wanga, ndi munthu wosangalatsa kucheza naye bola usamubwereke kanthu. Anabwerekapo njinga ya munthu wina, n'kuyamba kuigulitsa pang'onopang'ono, kuyambira belu. Mwini wake anadzalandira chishalo.

Abambo anamwalira nyengo yozizira, nkhungu ya chiperoni itaphimba phiri lonse la Mulanje. Mtembo tinautengera kumudzi kwawo, chakufupi ndi Chinakanaka, kuti akagone pakati pa makolo awo. M'mawa wa tsiku loika maliro ndinathamangira kukagula nsalu yoyera ya m'bokosi. Pobwera, munthu woyamba kumuona anali Laisoni. Anaima pakati pa bwalo, ndipo pamene aliyense anali atadzikuta ndi jekete kapena bulangete, iye anali atapinda malaya mpaka m'chigongono. Pamkonopo panali wotchi ya abambo.

"Asuweni, mwachedwatu," anatero, akukweza mkonowo kufika nawo kumaso.

"Wotchiyo wakupatsa ndani?"

"Ndikungoisunga. Pamaliro pamayenda anthu ambiri, eti? Zinthu zimamera miyendo."

Kusunga! Laisoni kusunga chinthu! M'maso mwanga ndinayamba kale kuiona wotchi ija ili pamkono pa munthu wogulitsa kachasu. Ndinamudutsa n'kukapereka nsalu ija.

Patapita kanthawi, a Muhiwa, mng'ono wawo wa malemu amene anali mwini maliro, anaitana abale kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa mapeyala. Nkhani inali yoti ndani ayankhule m'malo mwa ndani, ndi zakudya za adzukulu okumba manda. Za wotchi panalibe amene anazitchula. Munthu wanzeru akanakhala chete. Ine ndinaimirira.

Ndiyenera kufotokoza kuti pakhonde la sitolo pamaphunzitsa munthu kuyankhula. Tsiku lonse umakhala ukutsutsana ndi anthu za mpira, za mvula, za akazi a eni, ndipo ine sindinagonjepo. Tsiku limenelo ndinayankhula kuposa masiku onse. Ndinati munthu wagona m'nyumbamu sanayendepo wopanda wotchi yake chiilandirireni. Ndinati ngakhale posamba ankaipachika pamene akuiona. Ndinati lowani mukaone mkono wawo, pali mzere woyera pamene inkakhala, khungu lenilenilo likuifunafuna. "Lero mukufuna apite mkono uli wosavala? Thukuta lawo lonse la m'tiyi muja lili mu wotchi imeneyo. Akafika kumene akupitako, makolo akawazindikira bwanji? Avale wotchi yawo, apite nayo."

A Muhiwa anapukusa mutu. "Mwananga, chinthu chonga chimenecho n'kuchikwirira m'dothi? Za katundu sitikamba mwini wake adakali m'nyumba. Tiike maliro kaye."

M'makutu mwanga mawu amenewo anamveka kuti: tiike maliro kaye, kenako timupatse Laisoni.

Azakhali nawo anaponyapo awo. "Iwe, wakufa nthawi aidziwiranji?"

"Nanga wamoyo amene amadzuka dzuwa lili pamutu, azakhali, nthawi aidziwiranji?"

Ena anaseka chapansipansi, azakhali anakoka mpango n'kuyang'ana kumbali. Ndinamva kukoma. (Cholinga changa chinali chiyani? Musandifunse. Nzeru yanga yonse inathera poti ngati sindiivala ine, asaivalenso wina. Kupitirira pamenepo ndinalibe pulani.)

Mwina a Muhiwa akanandibweza, koma tsoka linabwera litavala baji pachifuwa. Apampando a chipani a m'deralo anali atazungulira kuseriko kudzafunsa nthawi imene apatsidwe mpata woyankhula, ndipo mawu anga onse anawamva. Anakhosomola, n'kunena kuti mnyamatayu wayankhula zaulemu, kuti achinyamata a masiku ano akusowa mwambo wotere wolemekeza makolo, ndipo zichitike monga wanenera. Amene munalipo masiku amenewo mukudziwa: apampando akati zichitike, ngakhale mvula inkaganiza kawiri. Nkhani inathera pomwepo. Laisoni anavula wotchi ija n'kundipatsa ndi manja awiri, akumwetulira. Kumwetulira kumeneko kukanayenera kundichenjeza.

Ndinalowa m'nyumba ya siwa. Amayi a mpingo anali kuimba chapansipansi, ndipo amayi anga anali pakona, atafundidwa chitenje kumutu, atazunguliridwa ndi anzawo. Ndinagwada pambali pa bokosi. Ndinaipukusa wotchi ija mpaka kakiyi kake kanalimba, monga ankachitira eni ake, kenako ndinaimanga pamzere woyera uja. Apa ndisaname, misozi inatsika yeniyeni. Dzanja lija ndi limene linandigulira mashini osokera. Kwa kanthawi ndinaiwala Laisoni, ndinadziona ngati mwana wabwino kwambiri m'boma lonse la Mulanje.

Ubwino wangawo sunakhalitse. Adzukulu anabwera kuchokera kumanda kudzakhoma bokosi, matope mpaka m'mawondo, akutsogoleredwa ndi a Namakhwa, mkulu wawo. A Namakhwa anali munthu wamfupi, wosafulumira pa chilichonse, ndipo monga mudziwa, tsiku la maliro mdzukulu saopa munthu. Ananyamula chivundikiro, n'kuima. Anapendeketsa mutu.

"Chikulira muno n'chiyani?"

"Ndi wotchi ya malemu," ndinayankha monyadira. "Apita nayo."

"Ikuyenda?"

"Bwinobwino."

Anabweza chivundikiro pansi. "Iyayi, atelala. Ife zamoyo sitikwirira. Mbale timaboola, kapu timaboola, mphika timaswa. Chopita ndi wakufa chimayamba chafa. Ndiye china, anthu onse ali panjawa amva kuti m'bokosi muli wotchi ya mzungu. Muiike yathunthu, mawa mukapeza manda ali chitsegukire. Akakwirirenso ndani? Ife?"

Chimene chimandipsetsa mtima n'chakuti mwambo umenewu ndinkaudziwa. Ndinabadwira momwemuno. Mbale zobowoka pamitumbira ndaziona chiyambire ubwana wanga. Koma pamene pakamwa pankathamanga pansi pa mapeyala paja, mutu unali utatsalira kumbuyo.

Ndinayesa kuzemba. Ndinati tingoidikira iime yokha, ikaima ndiye kuti yafa.

"Iima liti?" anafunsa a Namakhwa.

Ndinakumbukira mmene ndinalimbitsira kakiyi kaja. "Mwina mawa."

"Ndiye anthuwa agone panonso kudikira wotchi? Ndipo yoima yokha si yakufa, yangogona. Wakuba akaidzutsa."

Tinatuluka panja kuti nkhaniyi isakambidwe pamutu pa malemu. Ndinayamba kubwerera m'mbuyo mwaulemu. Ndinati nditaganiza bwino, mwina abambo aang'ono ananena zoona, chinthu chotere sichoyenera dothi. A Muhiwa anatsegula pakamwa, koma Laisoni anawapitirira.

"Iyayi, asuweni. Nanga makolo akawazindikira bwanji?"

Ndinamuyang'ana ndi diso loti likanakhala singano akanabowoka. Apampando, amene anali chapafupi, anagwedeza mutu n'kunena kuti chimene chagwirizanidwa chagwirizanidwa, kusinthasintha ndi khalidwe la anthu osokoneza. Mawu oti "osokoneza" masiku amenewo sankatchulidwa kawiri pa munthu mmodzi. A Muhiwa anatseka pakamwa pawo, ine ndinatseka panga, mochedwa.

"Chabwino," ndinatero, ndikupereka nkhani kwa a Namakhwa. "Ipheni."

"Ife ayi. Wopereka ndiye amapha. Ndipo muiphere pabwalo, aliyense aone, pasapezeke wokavutika ndi khasu pachabe."

Choncho ndinalowanso m'nyumba, n'kumasula wotchi imene ndinali nditangoimanga ndi misozi, n'kutuluka nayo. Pakati pa bwalo panali mwala waukulu wafulati umene ankaswerapo mtedza. Anthu anapanga bwalo lozungulira: akuluakulu a mpingo pamabenchi, amayi a kwaya chauko, abambo ataimirira kumbuyo akusuzumira. Chiperoni chinali chikuwaza pang'onopang'ono. Wina anandipatsa mwala wokwana m'dzanja.

Ndinaigoneka wotchi ija. Inali ikunyezimira, muvi wake waung'ono ukuthamanga osadziwa kanthu. Zaka zonse zija ndinkalota tsiku limene idzakhale m'manja mwanga, ndipo tsiku lake linali limeneli.

Ulendo woyamba dzanja linakana. Ndinaigogoda ngati ndikugogoda pakhomo pa apongozi. A Namakhwa anaitola, n'kuiika kukhutu.

"Ikuyenda."

Ulendo wachiwiri ndinatseka maso n'kumenya ndi mphamvu. Mwala unagunda m'mphepete, ndipo poti ponse panali ponyowa, wotchi inaterereka n'kuuluka. Inadutsa pakati pa miyendo ya amayi a kwaya, n'kukalowa pansi pa benchi ya akuluakulu a mpingo. Palibe amene anafuna kuikhudza, poti tsopano inali katundu wa wakufa. Ndinakwawa ndekha m'matope, nditavala buluku langa lakuda limene ndinasoka mwapadera, ndikupepesa mawondo a anthu olemekezeka. Mkulu wina anakweza mapazi osasiya kuyang'ana m'buku lake la nyimbo. Nditaitulutsa, a Namakhwa anaipukuta pamalaya awo n'kumvetseranso.

"Ikuyenda. Koma azungu akati apange chinthu, amapanga."

Apa manyazi anasanduka ukali. Ndinati iyi sindiilola kuthawanso. Ndinaipanikiza ndi dzanja lamanzere, chala chachikulu chili pa lamba, n'kukweza mwala pamwamba pa mutu. Mukudziwa kale kumene mwalawo unatera.

Mawu amene anatuluka m'kamwa mwanga sindingawalembe pano. Anali a Chilomwe, ndinawamva kwa agogo aamuna tsiku limene anapondedwa ndi ng'ombe, ndipo sindinkadziwa kuti ndimawakumbukira. Mkulu wa mpingo uja anatseka buku lake. Kenako ndinakuwa kukuwa kopanda mawu, ndikugubuduzika pansi, chala chili pakati pa ntchafu. Amayi a m'nyumba ya siwa, amene sankaona chimene chikuchitika, anamva mwana wamasiye akulira motero, ndiye nawo anakweza maliro mwamphamvu. Akunja anawalandira. Bwalo lonse linalira. Azibambo awiri anandigwira m'mapewa akuti, "Limbani mtima, achimwene, njira ndi ya tonse." Wina kumbuyo ndinamumva akuti mwana ameneyu ankawakondadi abambo ake.

Pakati pa chisokonezo chonsecho, a Namakhwa anawerama n'kundinong'oneza kukhutu kuti ikuyendabe.

Laisoni ndiye anabweretsa nkhwangwa. Anandipatsira ndi ulemu wonse, atagwira chigongono, n'kundilangiza kuti ndimenye ndi kumbuyo kwake ndipo zala ndizisunge patali. Ndinamenya kamodzi. Galasi linamwazika, timawilo tating'onoting'ono tinagwera pamwala, muvi uja unapindika n'kuima. A Namakhwa sanavutike n'kumvetsera. Ine ukali wonse unandithera. Ndinatola zimene zinatsala, n'kukazimanga pamkono pa abambo ndi dzanja limodzi, linalo likutuluka magazi mu mpango wa azakhali.

Maliro anayenda bwino. Kumanda apampando anayankhula nthawi yaitali, ndipo ananditchula kawiri ngati chitsanzo cha achinyamata. Anthu ankabwera kudzandigwira chanza, ena akufinya chala chomwecho. Mumtima ndinkadzitonthoza ndi chinthu chimodzi: yapita, inde, koma Laisoni sanaidye.

Tsiku lometa litafika, abale anasonkhananso kugawa katundu. Njinga ya abambo anapatsa Laisoni (ndinaitsanzika mumtima, kuyambira belu). Jekete ndi nsapato anatenga a Muhiwa, ziwiya zina azakhali. Dzina langa silinatchulidwe, ndipo sindinadabwe. Anthu atayamba kubalalika, amayi anandiitana. Anali atakhala pakhonde, mutu wometedwa kumene, akuoneka ochepa kuposa mmene ndinkawadziwira. Anagwira dzanja langa n'kuyang'ana chala chija, chimene tsopano chinali chakuda ngati biringanya.

"Chikupweteka?"

"Pang'ono."

"Wotchi ija idali yako," anatero.

Ndinaganiza kuti akungondisangalatsa. Ndinati ndikudziwa, amayi, mwa chilungamo inayenera kukhala yanga, koma mwambo ndi mwambo.

"Sukundimva. Abambo ako adaitana a Muhiwa ndi alongo awo akudwala. Adati zonse mutenge, koma wotchi mumupatse mwana wanga watelala, amavutika ndi anthu pakhonde paja. Onse adavomera. Laisoni adamupatsa kuti aisunge mpaka lero, chifukwa iwe umayendayenda ndi za bokosi. Lero bwenzi uli nayo pamkono."

Ndinawafunsa chifukwa chimene sananditumire munthu.

"Ine, kumudzi kwa eni, mwamuna wanga ali m'bokosi, ndiyambe kuitanitsa za katundu? Akadati ndawapha ndine. Ndipo poti ndidali chifundire chitenje kumutu, ndidazimva zitatha, pamene unkalira paja."

Ndinapita kwa a Muhiwa, amene anali kuyesa nsapato zija kuseri. Anandimvetsera mpaka kumapeto, n'kuyankha mofatsa. "Mwananga, ndidayesa, koma iwe ukayamba kuyankhula munthu alowera pati? Kenako ndidati, chinthu n'chake, akafuna kuwapatsa abambo ake, womukaniza ndine ndani?"

Anatsala Laisoni. Ndinamupeza pamsewu akupopa njinga yake yatsopano. Ndinamufunsa ngati ankadziwa. Anati ankadziwa bwino lomwe. Ndinamufunsa chifukwa chimene sananene, chifukwa chimene anachita kundibweretsera nkhwangwa.

"Asuweni, mudayankhula bwino kwambiri," anatero. "Mpaka mudanditchula kuti ndimadzuka dzuwa lili pamutu. Ndidati munthu wodziwa zinthu chonchi ndimudule bwanji?" Anakwera njinga, n'kuimba belu, ulendo.

Mkazi wanga amati nkhaniyi inayenera kundiphunzitsa kutseka pakamwa. Amanena zimenezi kawirikawiri, zomwe zikusonyeza mmene phunzirolo linalowera. Pamaliro ndimayesetsa kukhala kumbuyo, kowaza nkhuni, koma akangofunsa ngati alipo wina ali ndi mawu, miyendo imayamba yokha kuimirira, ndipo amachita kundikoka jekete. Wotchi ina sindinagule. Ndikaiona m'sitolo ndimangodutsa. Abambo anaisamala yawo zaka zonsezo, osalola ngakhale kadontho ka madzi, kuti adzandisiyire yathunthu. Ine ndinawabwezera zidutswa.